Matenda Amene Timakawapeza M'wodi

Pali matenda amene munthu amapita nawo kuchipatala, ndiye pali ena amene amakawapeza komweko. Oyambawo timawadziwa bwino, chifukwa ndi amene amatidzutsa pakati pa usiku kukafunafuna galimoto. Achiwiriwa sitiwatchula kawirikawiri. Akabwera timangoti "matenda atembenuka" kapena "chilonda chavuta", ndipo ena amayamba kuloza zala kumudzi, kufufuza amene wachita kaduka. Koma a zaumoyo ali ndi muyeso wawo. Matenda amene munthu analibe pomwe ankagonekedwa, n'kudzaonekera patatha masiku awiri kapena kuposerapo ali m'chipatala, amawerengedwa kuti wawatengera momwemo. Chilonda cha opaleshoni ndiye chikhoza kuyamba kuvuta munthu atatuluka kale, mpaka masiku 30.

Si nkhani ya kwathu kokha. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mwa odwala 100 alionse ogonekedwa m'zipatala za m'mayiko olemera, 7 amatenga matenda ena ali momwemo. M'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene chiwerengerocho ndi 15. Mwa anthu khumi alionse otenga matenda oterewa, mmodzi amamwalira nawo.

Ine si namwino, ndine mphunzitsi wa ku pulayimale. Zimene ndikudziwa pa nkhaniyi ndinayamba kuziphunzira pa mphasa, pansi pa bedi la mng'ono wanga, pamene ndinali gadiyani wake kwa masiku 24 pa chipatala china cha boma. Inali mimba yake yoyamba ndipo anachira kudzera opaleshoni. Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi. Anatiuza kuti pakatha masiku anayi tizipita. Madzulo a tsiku lachitatu thupi lake linayamba kutentha. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Pofika tsiku lachisanu m'mbali mwa chilonda munatupa, khungu likunyezimira, ndipo atamatula bandeji mafinya anatuluka. Adokotala anachotsa ulusi wina kuti chilonda chitseguke mafinyawo azituluka, ndipo kuyambira pamenepo chinkatsukidwa tsiku ndi tsiku. Amene anamvapo kulira kwa munthu wotsukidwa chilonda chotseguka cha pamimba adziwa chifukwa chimene ndinkatulukira panja ndi mwana nthawi imeneyo ikakwana.

Unali mwezi wa January, nthawi yopalira ndi kuthira feteleza. Alamu ankapalasa njinga kubwera ndi ufa ndi nkhuni, munda uli kumera tchire. Anagulitsa mbuzi ziwiri. Mwana ankavutika kuyamwa chifukwa mayi ake sankatha kukhala tsonga nthawi yaitali. Opaleshoni imene inapulumutsa miyoyo iwiri inali itayenda bwino. Chimene chinatsala pang'ono kutilanda mmodzi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene tinalowa pa chilondacho.

Tinalowa bwanji, tinachokera kwa ndani, palibe amene angaloze. Mwina kufiyeta, mwina m'wodi, mwinanso pakhungu la mwini wakeyo. Koma munthu ukakhala m'wodi milungu itatu umayamba kuona zinthu. Ine ndinayamba kuwerenga manja. Adokotala ankafika pa bedi lathu kamodzi pa tsiku, mphindi zochepa. Anamwino ankafika kanayi kapena kasanu, usiku anali awiri okha wodi yonse. Manja ena onse ogwira wodwala anali athu, magadiyani. Ndife tinkamudzutsa, kumusambitsa, kumudyetsa, kumusintha nsalu, kumuperekeza kuchimbudzi, kukataya mkodzo, kuchapa zamagazi. Ndipo sitinkasamala wathu yekha. M'wodi mumabadwa chibale. Mnzako akapita kukaphika amakusiyira wodwala wake. Mayi wa pa bedi la pafupi akafuna kutembenuka, umamugwira. Mwana wa wina akalira umamunyamula. Ndimakumbukira chibale chimenechi ndi mtima wothokoza, chifukwa popanda icho ambiri sakanatha. Koma m'mene chifundo chinkayendera bedi ndi bedi, ndi m'menenso tizilombo tikanayendera.

Amene ananditsegula maso anali namwino wina wachikulire, wa imvi, wosachedwa kukalipa koma wa manja ofewa. Tsiku lina m'mawa akukonza zotsukira chilonda anatiitana magadiyani anayi amene tinali pafupi.

"Amayi inu, tandiuzeni, manja anuwo agwira chiyani chidzukireni?"

Tinayang'anana. Mayi wina wochokera kumapiri anayankha kuti, "Palibetu, anesi. Ndi oyera awa."

"Kuchimbudzi simunapiteko? Ndowa ija anakataya ndani? Nanga ndalama mwagulira tomato zija? Foni?" Kenaka anatambasula manja ake. "Awanso ndi chimodzimodzi. Mukandiona ndachoka pa bedi ilo kubwera apa osasamba, mundiuze. Sindikudyani."

Tinaseka, koma iwo sanaseke. Anatiuza nthawi zosamba m'manja ndi sopo: tisanagwire wodwala, tisanagwire mwana, tisanadyetse munthu, tikachoka kuchimbudzi, tikagwira mkodzo, magazi kapena nsalu zakuda, ndiponso tikathandiza wodwala wa mnzathu tisanabwerere kwa wathu. Anatiletsa kusuzumira pansi pa bandeji. Zonsezi sizinathe mphindi zisanu. Pambuyo pake ndinadzamva kuti anamwino ndi madokotala amaphunzitsidwa nthawi zisanu zofanana ndi zimenezi, zimene WHO inakhazikitsa, ndipo kusamba kwenikweni ndi sopo kumafuna masekondi 40 mpaka 60, kupaka sanitaiza masekondi 20 mpaka 30. Tayesani kuwerenga mukusamba, muona kuti ambirife timangonyowetsa zala.

Zoti manja a munthu wofuna kuthandiza angathe kupha zinavutanso madokotala enieniwo kuzivomereza, ndipo nkhani yake inayambira m'wodi ya amayi ngati momwe tinali ifemo. Mu 1847 pa chipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna, ku Austria, panali mawodi awiri ochiriramo amayi. Ina munkagwira ntchito madokotala ndi ophunzira udokotala, ina azamba. Kwa madokotala, pafupifupi mayi mmodzi mwa khumi alionse ankamwalira ndi matenda otentha thupi atangobereka. Kwa azamba imfa zinali zochepa kwambiri. Dokotala wina wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, anaona kusiyana kumodzi: ophunzira udokotala ankachokera kong'amba mitembo n'kupita kukayeza amayi, pamene azamba sankagwira mitembo. Mnzake Jakob Kolletschka atachekedwa ndi mpeni pong'amba mtembo n'kumwalira ndi zizindikiro zonga za amayi aja, Semmelweis analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanalowe m'wodi. M'miyezi yochepa imfa zinatsika kufika pa amayi awiri kapena mmodzi mwa 100. Anzake ambiri anakana kumukhulupirira. Zinawapweteka kumva kuti imfa inkayenda pa manja awo. Semmelweis anamwalira mu 1865 asanaone maganizo ake akulandiridwa. Ndikamawerenga nkhaniyi sindiwaseka madokotala aja. Ndimakumbukira mayi wa kumapiri uja akunena ndi mtima wonse kuti ake ndi oyera.

Tizilombo timeneti si tachilendo. Tambiri timakhala nafe tsiku ndi tsiku osatipweteka. Kena kotchedwa Staphylococcus aureus kamakhala m'mphuno kapena pakhungu la munthu mmodzi mwa atatu alionse, iye ali bwinobwino. Ena monga E. coli ndi Klebsiella kwawo ndi m'matumbo. Khungu ndilo mpanda umene umatitchinga. Ndiye chipatala, pofuna kutichiza, chimakakamizika kuboola mpandawo: mpeni wa opaleshoni, singano ya dilipi, kachubu kotulutsira mkodzo. Paliponse pamene paboooledwa pasanduka khomo, ndipo munthu wake ndi wofooka kale.

Makomo amenewa gadiyani ndiye amakhala nawo pafupi usana ndi usiku. Tengani kachubu ka mkodzo, kamene achipatala amati catheter. Kamathandiza kwambiri pa opaleshoni ndi kwa amene sangathe kukodza okha, koma tsiku lililonse limene kakhala m'thupi mpata woti tizilombo tikwere kulowa m'chikhodzodzo umakula. Thumba lake liyenera kukhala m'munsi kuposa chiuno cha wodwala kuti mkodzo usabwerere, koma lisagone pansi. Ndinaona magadiyani akuliika pa bedi kapena pamimba pa wodwala pomutembenuza, ena kulisiya pa simenti pamene tonse tinkaponda ndi nsapato zochokera kuchimbudzi. Sankachita dala. Panalibe anawauza. Chimodzimodzi kanyula, kapulasitiki kotsalira pa mkono kolowetsera dilipi ndi jakisoni. Pamalopo pakayamba kupweteka, kutupa, kutentha kapena kutuluka madzi, namwino ayenera kudziwa tsiku lomwelo, chifukwa kanyula amalowa mumtsempha mwenimweni, ndipo tizilombo tikadutsa pamenepo tafika m'magazi. Nthawi zina mankhwala a jakisoni amatha koma kanyula n'kutsala pa mkono masiku angapo, aliyense akuganiza kuti wina achotsa.

Apa ndi pamene pamafunika kulimba mtima pang'ono. Ife tinaleredwa kuti wa yunifolomu safunsidwa, ndipo gadiyani amaopa kuti akalankhula wodwala wake adzamuda. Ndi mantha omveka. Koma pali mafunsidwe amene sanyoza munthu. Ine ndinkati, "Pepani anesi, kachubu aka kakufunikabe, kapena kakhoza kuchoka?" Mawu ake ndi omwewo basi. Kawiri konse yankho linali lakuti ayang'ane kaye m'faelo, ndipo kamodzi anachotsa nthawi yomweyo. Namwino amene akuthamanga pakati pa mabedi makumi anayi sangakumbukire tsiku limene chubu chilichonse chinalowa. Gadiyani ali ndi wodwala mmodzi, angathe kukumbukira.

Palinso chibayo, chimene chimagwira ogona chagada masiku ambiri, makamaka okalamba ndi ofa ziwalo. Wodwala akadzutsidwa kukhala chotsamira pomudyetsa, akamatsukidwa m'kamwa, akamayenda pang'ono achipatala akalola, mapapo amatetezeka. Chifundo chathu chimati musiyeni agone, wachitidwa opaleshoni dzulo lomweli. Anamwino akamati adzuke ayende, si nkhanza.

Chimene chinandiopsa kwambiri pa matenda a mng'ono wanga n'chakuti mankhwala oyamba sanagwire. Anabayidwa masiku angapo thupi likutenthabe, mpaka anasintha. Ndinafunsa chifukwa chake ndipo anandiuza mwachidule kuti tizilombo ta m'chipatala tambiri tinazolowera mankhwala. Pamalo pamene maantibayotiki amagwiritsidwa ntchito tsiku lililonse, tizilombo tofooka timafa, tolimba n'kutsala ndi kuswana. Akatswiri a kafukufuku a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anatsatira zotsatira za magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti mu 2003, mwa tizilombo ta Klebsiella topezeka m'magazi, pafupifupi 12 pa 100 tinali tosamva gulu la mankhwala amphamvu lomwe muli ceftriaxone, jakisoni wodalirika m'zipatala zathu. Pofika 2016 chiwerengerocho chinali chitafika pa 90 pa 100. Klebsiella yemweyu ndi amene amavutitsa makanda obadwa masiku osakwana m'zipinda zowasamalira. Mankhwala otsatira akakanika ceftriaxone ndi odula ndipo sapezeka paliponse. Choncho matenda otengera m'chipatala si ongowonjezera masiku okha. Nthawi zina amakhala matenda amene mankhwala ake palibe pa shelefu.

Ena sayenda pa manja, amayenda mumpweya. Usiku uliwonse m'wodi mwathu munkakhala mkangano wa mawindo. Ena ankati titseke, kukuzizira, udzudzu ulowa, ana adwala chibayo. Anamwino ankabwera kudzatsegula, akachoka wina n'kutsekanso. Ine ndinali mbali ya otsegula. Chifuwa chachikulu chimafala m'chipinda chodzaza anthu chosapita mphepo, ndipo si onse otsokomola amene anayezedwa kale. Ku Tugela Ferry, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, madokotala analengeza mu 2006 za odwala 53 opezeka ndi TB yosamva pafupifupi mankhwala onse. Mwa iwo 52 anamwalira, ambiri pasanathe mwezi. Ochuluka anali atagonekedwapo m'chipatala m'mbuyomo, ndipo ofufuza anaona kuti matendawo ayenera kuti ankafalikira m'mawodi. Kuzizira kuli ndi bulangete, udzudzu uli ndi neti.

Ndinenenso za alendo, ngakhale ndikudziwa kuti apa ndiponda pa chilonda. Kuzonda odwala ndi ntchito yabwino. Sabata masana amayi a Dorika ankabwera kudzationa, ndipo nyimbo zawo zinkamudzutsa mng'ono wanga pamene chakudya chinkamukanika. Sindingafune kuti asiye. Koma taonani m'mene timachitira tikalowa m'wodi, ife a mipingo yonse. Timayamba ku bedi loyamba kupereka moni wa pamanja, mpaka lomaliza. Timakhala pa bedi la wodwala. Khanda limayenda m'manja mwa anthu khumi, aliyense akufuna aone ngati lafanana ndi bambo ake. Wina ali ndi chimfine koma wati sangalephere kubwera. Pa chakudya timasamba m'beseni limodzi, womaliza n'kusamba litsiro la onse. Makolo athu anali ndi chikuta: mayi ndi khanda ankakhala m'nyumba osaonedwa ndi aliyense mpaka mchombo utagwa. Zifukwa zimene ankapereka zinali zina, koma khandalo linkapumula ku manja ambirimbiri pa masiku amene lili losalimba. Moni wa pakamwa ndi kuwomba m'manja ndi ulemu wokwanira m'wodi. Madzi osamba tizithirirana. Wa chimfine kapena wotsegula m'mimba atumize uthenga ndi kaphukusi kake, adzabwera akachira.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuyamba kuopa chipatala. Mng'ono wanga akanachirira kunyumba, lero tikanakhala tikunena za manda awiri. Sindikufunanso kuti mlandu wonse ugwere anamwino, kapena ugwere magadiyani. Masiku ena mpopi wa m'wodi unkauma kuyambira m'mawa, madzi tinkakatunga pa mjigo kunja kwa mpanda. Munthu ungasambe bwanji kasanu pa wodwala aliyense popanda madzi? Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati theka la zipatala padziko lonse zilibe zonse zofunika posamba m'manja, ndiye kuti madzi ndi sopo kapena sanitaiza pamalo othandizira odwala ndiponso ku zimbudzi. Zimenezi ndi za aboma ndi oyendetsa zipatala, ndipo makomiti a zipatala ayenera kumazifunsa mosatopa. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti tinaonetsa kale kuti tingathe. Nthawi ya Covid-19, ndiponso kolera atavuta mu 2022 ndi 2023, pakhomo lililonse panali ndowa ya madzi a klorini ndi munthu wokuuza kuti usambe. Mliri utapita, ndowa zambiri zinapita nawo. Tizilombo ta m'wodi sitinapite kulikonse.

Maganizo anga ndi akuti, popeza zipatala zathu zimadalira magadiyani, ziziwaphunzitsa. Phunziro la namwino wa imvi lija tinalilandira mwamwayi, chifukwa tsikulo anali iwo pa ntchito, ndipo linatipeza chilonda chitavuta kale. Likanaperekedwa kwa gadiyani aliyense tsiku logoneka wodwala, kapena m'mawa uliwonse ku khitchini ya magadiyani kumene tonse timakumana pophika phala, silikanafuna ndalama zambiri. Ndipo inu amene mukulongedza katundu wopita kukadikirira matenda, pamodzi ndi mapoto, ufa ndi zitenje, ikanimo sopo wosambira m'manja yekha, wosiyana ndi wochapira matewera, kabotolo ka sanitaiza ngati mungathe, ndi chigubu chosungira madzi mpopi ukauma. Sanitaiza ndi wa manja ooneka oyera. Akada, kapena mwathandiza wotsegula m'mimba, pamafunika sopo ndi madzi. Wengani zikhadabo. Magolovesi akakupatsani, ndi a ntchito imodzi pa munthu mmodzi, ndipo mukavula musambebe.

Tsiku lotuluka si tsiku lomaliza kuyang'anira. Mayi wina amene tinagona naye moyandikana anatulutsidwa chilonda chili bwino, koma patatha mlungu ndi theka tinamuonanso akulowa pa machira. Chilonda chitayamba kutuluka madzi kunyumba, achibale anagula makapisozi pa golosale, n'kumatsegula kuthira ufa wake pa chilondapo. Anataya masiku asanu akudikira kuti chiume. Zizindikiro zobwerera nazo msanga ndi zodziwika: kutentha thupi kapena kunjenjemera, ululu umene ukukula m'malo mochepa, kutupa, mafinya kapena fungo pa chilonda, kupweteka pokodza, kupuma movutika, khanda kusiya kuyamwa. Pobwerera tengani buku la kuchipatala, ndipo muwauze okuonaniwo kuti munagonekedwa posachedwa, chifukwa zimenezo zimasintha mankhwala amene angasankhe.

Chilonda cha mng'ono wanga sichinasokedwenso. Anati chipole chokha kuchokera m'kati, ndipo atatuluka ankapitabe ku chipatala chaching'ono cha kwathu kukatsukitsa kwa milungu ina isanu, alamu akumukweza pa njinga, ine ndikutsala ndi mwana. Chaka chimenecho anakolola matumba anayi pa munda umene umatulutsa khumi ndi awiri.